Mutu 6: Matumba a Mpunga, Mapointi Sikisi ndi Mtima wa Mwana

Mukatsika minibasi pa Hara, kum'mwera kwa boma la Karonga, m'mwezi wa Juni kapena Julayi, chimene chimayamba kukulonjerani ndi kafungo ka mpunga wa Kilombero. Kwina akumweta, kwina akupuntha, kwina ayanika pamalona, ndipo m'mbali mwa msewu wa M1 matumba angoti ndandanda kudikira ogula a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mlendo akaona matumbawo amaganiza za mphika, koma mwini wake amaganiza za sukulu. Mukamufunsa kuti chaka chino wapeza angati, amawerenga akuloza ndi chala: awa ndi a fizi ya teremu yoyamba, awa ndi a yunifomu ndi thiransipoti, awa ndi obweza ku banki m'khonde, otsalawa ndiye akudya pakhomo.

Miyezi yomweyi ndi imene ana a Folomu 4 m'dziko lonse amakhala ali m'chipinda cha mayeso a MSCE. Kholo likukolola kumunda, mwana naye akuyembekezeka kukolola papepala.

Tsiku lina ndinaima pasiteji yomweyo pafupi ndi bambo amene ankaperekeza mwana wake wamkazi wopita ku sukulu ina yolipira yogonera konko. Mtsikanayo anakhala pa sutikesi yake, ndowa ndi tsache zili pambali. Bamboyo anamupatsa ndalama zopindapinda, kenako anayankhula m'Chitumbuka mawu amene m'Chichewa tingati: "Mwana wanga, ng'ombe ija yapita chifukwa cha iwe. Ukabwera ndi mapointi ambiri, anthu a m'mudzi muno ndidzawayang'ana bwanji?" Mtsikanayo anangoti, "Ndamva, adada," maso ali pansi, chala chikukanda loko wa sutikesi. Bamboyo ankamukonda mwana wake, zimenezo zinali zoonekeratu. Koma katundu amene mtsikanayo anakwera naye m'minibasi anali wolemera kuposa sutikesi ija.

M'mutu uno tiona kumene katundu ameneyu amachokera, zimene amachita m'thupi ndi m'maganizo a mwana, ndiponso mmene kholo lingafunire mwana wake zapamwamba popanda kumuthyola msana.

Ludzu la sukulu linachokera kuti?

Munthu akachoka pa Hara kulowera kum'mwera, n'kufika pa Chitimba, akakweza maso amaona phiri la Khondowe. Pamwamba pake m'pamene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia mu 1894, atayamba wayesa ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Sukulu ya kumeneko, ya Overtoun Institution, inatulutsa aphunzitsi, akalaliki, amisiri, abusa ndi othandiza m'zipatala amene anakagwira ntchito mpaka ku Zambia, Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa. Kumpoto kunalibe mafakitale kapena mizinda ikuluikulu, choncho mabanja anaona msanga kuti njira yotulukira mu umphawi ndi pensulo. Mwana mmodzi akaphunzira ankakoka abale ake, iwonso n'kukoka ana awo. Mpaka lero m'madera amenewa fizi si nkhani ya bambo ndi mayi okha ayi. Asibweni, amene ndi amalume, amasonkhako. Ankhazi, amene ndi azakhali, nawonso amaponyapo yawo.

Ludzu limeneli linakumananso ndi ndale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linayamba kusankha ophunzira a ku yunivesite potengera boma limene munthu amachokera. Njira imeneyi anthu amaitcha kota. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kukaphunzitsa kwawo. Kota inatha mu 1993 khoti lalikulu litaikana, inabwereranso mu 2009 m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo inathetsedwa mu 2020. Oikonda ankati imagawa mwayi mofanana m'maboma onse. Oikana ankati imalanga mwana wokhoza bwino chifukwa cha kumene anabadwira. Makolo ambiri a ku Karonga, Chitipa ndi Rumphi anatolapo phunziro limodzi: kukhoza kokha sikukwanira, mwana ayenera kukhoza mopitirira. Kota inapita, koma mantha amene inadzala adakalipo m'makomo ambiri.

Makwerero aatali, khomo lopapatiza

Kuti timvetse nkhawa ya kholo, tiyambe taona makwerero amene mwana wa ku Malawi amakwera.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Khomo lapansi linatseguka kwambiri, koma makomo apamwamba sanakule mofanana nalo. Pa Sitandade 8 mwana amalemba mayeso a PSLCE, amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB. Okhoza koposa amasankhidwira ku sekondale zotenga ana a dziko lonse, monga Mzuzu Government, Dedza Government, Blantyre Secondary ndi Lilongwe Girls, kapena za mishoni zothandizidwa ndi boma monga Chaminade ndi St Mary's ku Karonga. Otsatira amapita ku sekondale za m'boma lawo, monga ya Chilumba. Ambiri amapita ku sekondale zoyendera za m'midzi zotchedwa CDSS, zimene zambiri mwa izo zimasowa mabuku ndi zipinda zoyeseramo za sayansi. Enanso ochuluka sasankhidwa n'komwe.

Pa Folomu 4 pamabwera MSCE. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kukhoza bwino kumene amati kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, pamene 9 ndi kulephera. Akatenga maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa n'kuphatikiza magiredi ake, zotsatira zake ndiye mapointi aja. Apa kuchepa ndiye kupambana: wopeza 1 m'maphunziro onse asanu ndi limodzi ali ndi mapointi 6, ndipo palibe angamupose. N'chifukwa chake mawu akuti "sikisi pointi" amamveka ngati dzina la ufumu.

Wofuna malo ku yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, n'kutumiza pempho lake kudzera ku bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE. Mwa mayunivesite aboma pali University of Malawi ku Zomba, Mzuzu University imene inayamba kuphunzitsa mu 1999, LUANAR ku Bunda, MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014, komanso MUBAS ndi KUHeS zimene zinaima pazokha mu 2021. Mayina achuluka, koma malo adakali ochepa. M'zaka zaposachedwa ana oposa 150,000 akhala akulemba MSCE chaka chilichonse, ndipo okhoza amangopitirira theka pang'ono. Mayunivesite aboma onse pamodzi amatenga chiwerengero chozungulira 10,000. Kuwonjezera apo, wolemba chaka chino amapikisananso ndi anzake amene analemba zaka zapitazo koma sanapeze malo, ndipo maphunziro monga udokotala, zamalamulo ndi uinjiniya amalimbiranidwa kwambiri.

Mfundo imeneyi kholo lililonse liyenera kuisunga: ana ambiri otsala kunja satsala chifukwa ndi mbuli kapena aulesi. Amatsala chifukwa khomo ndi laling'ono.

Sukulu zolipira zapamwamba: zimagulitsa chiyani?

Pamene pali khomo lopapatiza, pamabadwa msika wa anthu olonjeza kukudutsitsa. Sukulu yodziwika kwambiri yamtunduwu ndi Kamuzu Academy, imene Dr Banda anatsegula mu 1981 ku Mtunthama m'boma la Kasungu, pafupi ndi mtengo wa kachere umene iye anaphunzirirapo ali mwana. Poyamba inkatenga ana anzeru kwambiri ochokera m'boma lililonse, ngakhale a mlimi wosauka, n'kumawaphunzitsa mpaka Chilatini ndi Chigiriki osalipira kanthu. Banda atachoka pampando mu 1994 zinthu zinasintha, ndipo lero ana ambiri kumeneko ndi olipira. Ku Blantyre kuli St Andrew's, ku Lilongwe kuli Bishop Mackenzie, ndipo sukulu zoterezi zimalembetsa mayeso a kunja monga IGCSE, A-Level kapena IB, amene amatsegula njira ya ku mayunivesite a ku South Africa, Britain ndi America. Kumpoto makolo amatchula kawirikawiri Marymount ndi Mzuzu International Academy ku Mzuzu, komanso Phwezi ku Rumphi. Palinso sukulu zina zambirimbiri zolipira zimene zimatsata MSCE.

Zimene sukulu zabwino zolipira zimapereka ndi zenizeni: makalasi a ana ochepa, aphunzitsi okwanira, mabuku, magetsi owerengera usiku, chakudya cha nthawi yake. Kholo lofuna zimenezi silinalakwe.

Koma tiyenera kudziwa mmene msikawu umayendera. Sukulu yolipira imakhala ndi moyo chifukwa cha mbiri ya zotsatira zake. Zotsatira zikangotuluka, mumamva pawailesi ndi kuona pa Facebook kuti ana angati apeza mapointi osapitirira 10, angati asankhidwa ku yunivesite. Pofuna kuteteza mbiri imeneyi, sukulu zina zimalembetsa mayeso olowera kuti zitenge okhoza kale, zimapachika pakhoma mndandanda wa ana kuyambira woyamba mpaka womaliza, zimadzutsa ana m'bandakucha kukawerenga, ndipo zimadula tchuthi kuti aziphunzirabe. Mwana amene kwawo ku Hara ankakhala nambala wani kuyambira Sitandade 1 amapezeka ali nambala 30 pakati pa anzake amene onse anali oyamba kwawo. Nzeru zake sizinachepe, wangolowa m'dziwe la nsomba zikuluzikulu. Koma kunyumba lipoti likafika, funso limakhala lakuti, "Wayamba zibwenzi eti?"

Palinso kusiyana kwa m'thumba. Mwana wa mlimi wa mpunga amagona chipinda chimodzi ndi mwana wa bwana amene amabwera pa galimoto yodzaza ndi zakudya tsiku loona ana. Wa bwanayo amaopa kuchititsa manyazi dzina la banja limene aliyense ndi dokotala kapena loya. Wa mlimiyo amaopa kuti mpunga wa zaka zinayi, ng'ombe ndi ngongole ya katapila zipita m'madzi. Mantha awo ndi osiyana, koma onse awiri sagona tulo.

Nkhawa imachita chiyani m'thupi?

Munthu akakumana ndi njoka panjira, thupi limatulutsa timadzi tina m'magazi, totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda msanga, mpweya umathamanga, minofu imakungika kuti athawe kapena amenye. Njoka ikapita, thupi limabwerera m'malo. Umu ndi mmene tinalengedwera, ndipo mantha apang'ono otere amathandiza ngakhale pamayeso, chifukwa amadzutsa munthu kuti akonzekere.

Vuto limabwera pamene njokayo siichoka. Mwana amene tsiku lililonse amaganiza za ng'ombe ya bambo ake amakhala ngati waima pamaso pa njoka kwa zaka zinayi. Ubongo umene uli pa mantha otere umavutika kusunga zatsopano ndi kukumbukira zakale. N'chifukwa chake mwana amene anawerenga bwinobwino amatha kulowa m'chipinda cha mayeso, n'kuona mutu wangoti mbee, zonse zathawa.

Tulo nato n'tofunika kuposa mmene ambiri timaganizira. Akatswiri a zaumoyo amati wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10, chifukwa ndi m'tulo mmene ubongo umalongedza zimene waphunzira masana. Ambiri amene tinadutsa m'sukulu zogonera tikukumbukira mnzathu woviika mapazi m'beseni la madzi ozizira pakati pa usiku kuti asasinze, tochi ili kukamwa, kope lili pamaondo. M'mawa mwake m'kalasi ankangoyang'ana bolodi ngati akuona nkhungu. Ankathira madzi mu dengu.

Zizindikiro zoti nkhawa yapyola muyeso ndi izi: mutu ndi m'mimba zopweteka kawirikawiri pamene kuchipatala sakupeza matenda, kusowa tulo, kusafuna kudya, kupsa mtima msanga, kudzipatula, kulira popanda chifukwa chooneka, kubisa lipoti, kuyamba mowa kapena chamba. Choopsa koposa ndi mwana akayamba kunena mawu monga akuti, "Ndikalephera bola ndingofa." Mawu amenewo si nthabwala ndipo si mwano. Mwana wotere afunika kukhala naye pansi tsiku lomwelo ndi kupita naye kwa achipatala. Ku Mzuzu kuli chipatala cha St John of God chimene chimathandiza pa za umoyo wa m'maganizo, ndipo nambala yaulere ya 116 ndi yothandiza ana amene ali pamavuto.

Si kwathu kokha

Ku China mayeso olowera ku yunivesite otchedwa gaokao amalembedwa mu Juni, ndipo mu 2024 olembetsa anapitirira 13 miliyoni. Ku South Korea, tsiku la mayeso otere mu Novembala, ndege zimaimitsidwa kunyamuka ndi kutera pa nthawi imene ana akulemba gawo lomvetsera Chingerezi, kuti phokoso lisawasokoneze. Ku America, katswiri wa za maganizo Suniya Luthar anafufuza kwa zaka zambiri ana a m'sukulu zokhoza kwambiri za mabanja opeza bwino, ndipo anapeza kuti nkhawa, kukhumudwa ndi kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo zinali zochuluka pakati pawo kuposa pakati pa achinyamata ambiri. Chuma sichinawatchinjirize. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mantha a makolo akakula amaswa ngakhale chilungamo. Mu Malichi 2019 ku America kunaululika kuti makolo olemera ankalipira munthu wina dzina lake Rick Singer kuti aziwakonzera zotsatira za mayeso ndi mbiri zabodza zamasewera, ana awo alowe m'mayunivesite otchuka. Ena mwa makolowo, kuphatikizapo katswiri wa mafilimu Felicity Huffman, anakalowa kundende. Ifenso tili ndi liwu lathu la kubera mayeso, likasa. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa m'dziko lonse chifukwa mapepala anabedwa n'kufalikira, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu Januwale 2021. Mwana akamva tsiku ndi tsiku kuti chofunika ndi mapointi basi, tisadabwe akawafuna mwa njira iliyonse.

Zimene puloti ya mpunga imatiphunzitsa

Mlimi wa m'sikimu yothirira mpunga ya Hara amadziwa kale zonse zofunika pa nkhaniyi, kungoti amazidziwira ku mpunga. Amadziwa kuti mbande ikangowokeredwa kumene imayamba yafota masiku angapo isanagwire, ndipo saizula kuti aone ngati mizu yayamba. Amadziwa kuti madzi ndi moyo wa mpunga, koma akatsegula ngalande mpaka mbande kumira, waipha. Amadziwanso kuti feteleza wa Urea akachuluka, mpunga umabiriwira mosiririka, umatalika, kenako umagwa pansi usanakhwime. Chilimbikitso cha kholo chili ngati madzi ndi feteleza: chikasowa mwana amafota, chikapyola amagwa.

Choyamba, mwana adziwe mtengo wa sukulu, koma asausenze ngati ngongole. Kunena kuti "tagulitsa ng'ombe chifukwa timakukonda ndipo tikukhulupirira kuti uyesetsa" n'kosiyana kwambiri ndi kunena kuti "ukalephera watimaliza". Ng'ombe ndi yomweyo, koma mawu oyambawo amapatsa mphamvu pamene achiwiriwo amamanga miyendo.

Chachiwiri, posankha sukulu tisafunse za mapointi okha. Tifunse kuti ana amagona nthawi yanji, amadya chiyani, amasewera liti, mwana wotsalira m'kalasi amathandizidwa kapena amachotsedwa, ndipo akavutika mumtima amapita kwa yani. Tiyezenso thumba lathu moona mtima. Ndi bwino mwana kumaliza zaka zinayi mwamtendere pa sukulu yapakatikati kusiyana ndi kumathamangitsidwa fizi teremu iliyonse pa sukulu yotchuka.

Chachitatu, poimba foni tiyambe ndi munthu, mapepala abwere pambuyo. "Uli bwanji, mwana wanga? Ukudya? Anzako ndi ndani?" Mwana amene amafunsidwa za nambala yokha amaphunzira kubisa zina zonse. Tilekenso kumuyerekeza ndi mwana wa aneba kapena mkulu wake. Zala za dzanja limodzi sizilingana, koma zonse zimagwira khasu.

Chachinayi, timve zimene mwanayo akufuna. Makolo ambiri amafuna dokotala chifukwa ndi ntchito imene amaidziwa ndi kuilemekeza. Koma mtsikana wokonda nthaka ndi mbewu akhoza kudzakhala katswiri wa ulimi wothirira amene sikimu ya Hara, ya Wovwe ndi ya Lufilya zikumusowa lero.

Njira si imodzi

Mwana akapanda kuona dzina lake pa mndandanda wa osankhidwa, moyo sunathe. Akhoza kulembanso mayeso kuti akonze magiredi. Kuli mayunivesite a mipingo, monga University of Livingstonia imene inatsegulidwa mu 2003 paphiri lomwe lija la Khondowe. Kuli makoleji a uphunzitsi ndi a unamwino. Kuli maphunziro a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, ndipo pa Ngara, m'boma lomwelo la Karonga, pali koleji ya ntchito zamanja imene inatsegulidwa mu 2015. Wosankhidwa koma wosowa fizi akhoza kupempha ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'sukulu zapamwamba.

Tikumbukirenso William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, dera lomwelo kumene kuli Kamuzu Academy. Iye anasiya sekondale pa njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake analibe fizi. Anapitiriza kuwerenga mabuku a m'kalaibulale kakang'ono ka kwawo, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale. Patapita zaka anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America. Si mwana aliyense adzayende ulendo wotere, koma nkhani yake ikutsimikiza kuti chaka chimodzi choipa sichilemba moyo wonse wa munthu. Kuthamanga sikufika.

Inu makolo a ku Hara ndi kwina kulikonse, pitirizani kulima, kusonkha ndi kulota zazikulu za ana anu, chifukwa ludzu la sukulu limeneli ndi chuma chimene makolo athu anatisiyira. Koma tsiku limene mudzaimenso pasiteji kuperekeza mwana, sutikesi ili pansi, minibasi ikubwera, muuzeni mawu awiri. Oyamba akhale akuti, "Ukalimbikire." Achiwiri, amene adzamugoneke tulo usiku wa mayeso, akhale akuti, "Zotsatira zikhale zotani, pano ndi kwanu, ndipo ndiwe mwana wathu."